Kadona ndi Mbiri ya Saka

MUTU 6

1. Kalata ya m'thumba la yunifolomu

Ine ntchito yanga ndi ya matumba. Osati atsopano ayi, koma ogwira kale ntchito, amene pamsika timawatcha masaka. Ndimawatenga kwa ophika buledi, ku zigayo ndi kuseri kwa masitolo. Ndikafika nawo pabenchi langa ndimawakung'untha, kusoka pong'ambika, n'kugulitsa. Masaka amenewa ndi amene alera mwana wanga chichokereni bambo ake.

Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu. Chilankhulo chathu ndimawerenga ndithu, ngakhale chala ndicho chimatsogola, ine pambuyo. Koma Chingerezi ayi. Chimenecho ndikachiona papepala chimangokhala ngati nyerere zobalalika.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu. Timamutcha Kadona chifukwa ali wamng'ono sankakhala pansi asanayale kansalu. Dzinalo linamukanirira mpaka ku sekondale. Makalata onse a ku sukulu amandiwerengera ndi iyeyo.

Kumisonkhano ya makolo sindinkapitako. Munthu ungatseke benchi tsiku lonse kuti ukamvere Chingerezi? Ndinkatuma mng'ono wanga, amene amagwira ntchito mu ofesi ndipo ali ndi nsapato za misonkhano.

Lachiwiri lina ndikufuna kuchapa, ndinapeza kalata yopindidwa kanayi m'thumba la yunifolomu. Ndinamuitana Kadona kuti awerenge msanga, madzi asanazizire. Anawerenga maso ali papepala, osandiyang'ana. Anati ahedi akufuna kuti mwana aliyense abweretse tsache.

"Tsache lokha, mawu onsewa?" ndinafunsa.

"Chingerezi chimazungulira, Amayi."

M'mawa mwake ndinamupatsa tsache langa latsopano, iye n'kulinyamula. Pepala lija sindinataye. Ndinakulungamo masingano anga, popeza ine pepala silipita kudzala lisanagwire ntchito.

2. Kasitomala wa magalasi

Lachinayi masana pabenchi panga panafika mayi wina wa magalasi, chikwama chili m'khwapa. Ankafuna masaka makumi awiri. Mtengo umene anatchula, ngakhale ulusi wosokera sungatulukepo.

Ndinamuuza kuti ngati akudziwa mtengo umene umabala masaka, apite akathyole yekha, ndimubwereka makwerero. Anaseka, n'kukweza pang'ono. Ndinayamba kumanga katundu ngati ndikuweruka. Anachoka, n'kukafika pa wogulitsa zidebe, n'kubwerera. Onse amabwerera. Pamapeto pake tinagwirizana kuti mtengo ukhala wangawo, koma ndikawatule ndekha kumene akufunika, Loweruka m'mawa.

Apo m'pamene ananena kuti ndi mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale. Loweruka kunali tsiku la makolo, ndipo masakawo anali a ana, oti azikathamangiramo pamasewera.

Nditamva kuti mulowa ana, ndinayamba kusankha bwino. Saka lililonse ndinkalitembenuza, kulinunkhiza, n'kupisa chala m'makona. Ena ndinkaponya kumbali. Madamuwo anafunsa chimene ndikufufuza.

Ndinawafotokozera kuti kunja kwa saka kumanamiza. Likhoza kulembedwa kuti shuga, chikhalirecho linadutsa kwa wogulitsa mankhwala a m'munda. Ukalitembenuza m'pamene umaona ulendo wake. M'makona mumatsalira zimene linanyamula. Msoko wa makina ndi wa ku fakitale. Msoko wa ulusi wakuda ndi wa ku chigayo cha kumtunda. Mfundo ziwiri pakamwa ndi za ophika buledi. Ndinawaonetsa limodzi limene linayamba ndi ufa wa tirigu, n'kunyamula mpunga, kenako sopo.

Madamu anavula magalasi, n'kunena kuti ntchito yanga ndi yofanana ndi imene anapatsa ophunzira awo. Aliyense anauzidwa kusankha liwu limodzi lachingerezi lochokera ku ntchito ya kholo lake, n'kulilondola kumene linachokera. Akuti mawu nawonso amadutsa m'manja ambiri. Wopambana alandira dikishonale yaikulu, n'kukaimira sukulu pampikisano wa masukulu onse.

"Ndili ndi mtsikana wina wanzeru kwabasi," anatero. "Wamtali, wa chipsera pachikope. Anzake amamutcha Kadona. Mayi ake ndi sekilitale mu ofesi, ndiye wasankha liwu limenelo. Ameneyo ndiye ndikumudalira."

Chipsera chimenecho ndinachitsuka ndi manja angawa, tsiku limene anagwa pa mulu wa masaka ali ndi zaka zinayi.

Madamu anaona kuti manja anga aima. Anafunsa ngati ndikumudziwa.

Ine amene pamsika ponse amandidziwa kuti pakamwa panga palibe chitseko, ndinayang'ana zala zanga zoyera ndi fumbi la ufa, ndi chitenje changa chazigamba.

"Ndi mwana wa mnzanga," ndinatero.

3. Tsache lili kuti?

Pafupi ndi benchi langa pamakhala bambo wina wachikulire wosoka nsapato. Timawatcha Ansembe. Ali mnyamata anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku sukulu ya unsembe, kenako anaona mtsikana wina wa kwaya, unsembe n'kuthera pomwepo. Chimene anatulukako nacho ndi Chilatini ndi mawondo olimba.

Ndinamasula masingano, n'kuwapatsa pepala lija. Analiwongola pabondo, n'kuliwerenga kawiri. Za tsache munalibe. Inali kalata yoitana kholo kuti likakhale pampando wa kutsogolo Loweruka, mwana wake akamafotokoza liwu lake.

Ndinatseka benchi dzuwa likadali pamutu. Kadona anandipeza nditakhala pakhomo, pepala lili pamwendo. Analiona, n'kuima pomwepo, chikwama chikadali kumsana.

"Tsache langa lili kuti?"

Anati analisiya kuseri kwa mpanda, pafupi ndi pokwerera basi.

"Ndipo mayi ako a mu ofesi aja ali kuti? Ndikufuna ndiwalonjere. Mwina angandithandize kukulipirira sopo."

Sanalire msanga. Anayamba ndi kudziteteza. Anati bodzalo sanaliyambe ndi iye. Aphunzitsi ankaona mayi ake aang'ono pamisonkhano, n'kuganiza kuti ndiwo anamubala. Iye anangosiya osakonza. Chaka chinatha, china n'kuyamba, ndipo kukonza kunayamba kuvuta. Ntchito ya mawuyi itabwera, anapita kwa mayi ake aang'onowo, iwo n'kuvomera kudzakhala pampando wa kutsogolo.

Ndinamufunsa chimene ndinamulakwira.

Apo m'pamene anandikumbutsa za ku pulayimale. Tsiku lina ndinaiwala kiyi wa nyumba m'chikwama chake. Ndinapita ku sukulu mtolo wa masaka uli pamutu, n'kuima pawindo la kalasi, n'kumuitana ngati ndikuitana kasitomala wa kutsidya kwa msewu. Mlonda atandiletsa ndinamutukwana mpaka ahedi kutuluka. Ine ndinaiwala madzulo omwewo. Iye anzake anamutcha Chisaka zaka zitatu. Ankamuponyera zinyalala pa desiki, amvekere saka ndi poikamo zinthu.

"Simunandifunsepo chifukwa chimene ndinkabwerera ndi yunifolomu yakuda," anatero. "Munkangondikalipira za sopo."

Zinali zoona. Koma ine kuvomera kulakwa sindinakuzolowere, ndiye ndinakweza mawu. Ndinamufunsa ngati masaka ndi ochititsa manyazi pamene akumugulira mabuku, kapena pokhapokha anzake akamaona.

Anayankha kuti ngakhale akanafuna, liwu la saka silingapambane mpikisano. Liwu la sekilitale lili ndi mbiri, linachokera ku Chilatini. Nanga saka? Ndi liwu la pamsika, lopanda kwawo.

Ndinangomugwira pamkono, yunifolomu ili m'thupi, n'kubwerera naye kumsika.

4. Buku la pansi pa benchi

Ansembe anali akukhoma chidendene cha nsapato, misomali itatu ili pakamwa. Ndinawauza kuti amuuze mwanayu ngati saka lili ndi kwawo kapena ayi, ndipo afulumire chifukwa ndasiya nyumba yosatseka.

Iwo safulumira. Analavulira misomali m'dzanja, n'kupendeketsa benchi, n'kusolola buku lalikulu limene limachirikiza mwendo waufupi. Linali dikishonale yakale yopanda chikuto, yonunkha guluu. Anamupatsa Kadona kuti apeze yekha liwu lachingerezi la saka.

Analipeza. Azungu amati *sack*. Ansembe anamuuza kuti asawerenge tanthauzo, koma timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto, timene anthu amatidumpha.

Kadona anawerenga mwaulesi poyamba. Kenako chala chake chinaima.

Ansembe ankamasulira kuti nanenso ndimve. Angerezi akale liwulo sanalipange okha. Analitenga ku Chilatini, chilankhulo cha Aroma, kumene ankati *saccus*. Aroma nawo analitenga kwa Agiriki, amene ankati *sakkos*. Ndipo Agiriki analimva kwa anthu a kum'mawa kwa nyanja yawo, a zilankhulo za mtundu wa Chiheberi, amene ankati *saq*. Kumeneko linkatanthauza nsalu yokhakhala ya ubweya wa mbuzi. Ankasokera matumba a tirigu, komanso munthu ankaivala ngati chiguduli akamalira maliro kapena akamalapa.

Ndinafunsa kuti liwu lingayende bwanji mtunda wonsewo lopanda miyendo.

"Pamsana pa anthu ngati inu, amake Kadona," anatero Ansembe. "Amalonda. Munthu akagula tirigu padoko, ankagula ndi thumba lomwe, dzina la thumbalo n'kupita nalo kwawo. Mafumu ankamenyana, zilankhulo zinkafa, koma thumba linkafunikabe."

Kadona anafunsa ngati saka lathuli ndi lomwelo. Ansembe anati akuganiza choncho, koma sakudziwa ngati linatipeza kudzera kwa Angerezi kapena kwa Apwitikizi, amene nawonso ali ndi liwu lofanana nalo. Anamuchenjeza kuti chimene sakuchidziwa asachilembe ngati akuchidziwa.

Kenako anamuuza kuti apezenso liwu lake lija la sekilitale. Linali ndi mbiri ndithu. Linachokera ku liwu lachilatini la chinsinsi, popeza kale sekilitale anali munthu wosunga zinsinsi za bwana wake. Ansembe anati ndi liwu labwino, ndipo akhoza kupambana nalo.

Ndinawayang'ana moipidwa. Sindinawabweretsere mwanayo kuti amulimbitse mtima.

Iwo anatseka buku, n'kuika nyundo pansi.

"Mwana wanga, khala apa. Sindikuuza chochita, koma ndikuuza chimene ndinachita ine. Bambo anga ankaotcha makala. Manja awo sankayera ngakhale asambe ndi mchenga. Chaka changa chachitatu ku sukulu ya unsembe, anayenda masiku awiri wapansi kudzandiona. Anafika pachipata opanda nsapato, atanyamula kathumba ka zipatso za kumudzi. Ine ndinali ndi anzanga, ana a aphunzitsi ndi a makalaliki. Mmodzi anandifunsa kuti mkuluyu ndani. Ndinayankha m'Chingerezi kuti ndi wantchito wa kwathu. Ndinkaganiza kuti bambo samva. Liwu limenelo ankalidziwa, chifukwa anagwirapo ntchito kwa mzungu. Sanakalipe. Anatula kathumba kaja pamapazi anga, n'kuvula chipewa, n'kunena kuti, 'Katundu wanu ndi uyu, bwana.' Anatembenuka n'kumapita.

"Ndinkati ndidzapepesa pa holide. Holide itafika ndinachita manyazi, ndinati ikubwerayo. Ikubwerayo ndinapita kukaika maliro awo. Ndinaphunzira mawu achilatini masauzande, koma palibe limodzi limene lingamuitane munthu amene wapita.

"Tamvera. Bodza lotere silikhala laling'ono. Lero ukufuna mayi wa tsiku limodzi. Mawa udzafuna nyumba yoti uziloza kuti ndi kwanu. Ukadzapeza mwamuna udzayenera kumubisira msika. Tsiku la ukwati wako mayi akowa adzakhala kukhitchini, ukuwauza alendo kuti ndi mayi wina wothandiza. Ndipo iwo adzavomera, chifukwa makolo amavomera. Chimenecho ndicho choopsa. Sadzakuletsa. Adzangochoka pang'onopang'ono, iwe n'kumayesa kuti zakuyendera."

Ine ndinayang'ana kumbali. Ansembe sankadziwa kuti ndinali nditayamba kale kuvomerako masana omwewo, pamaso pa Madamu.

Kadona anapempha kubwereka bukulo. Ansembe anati alibweze benchi lisanawagwetse.

5. Mawu anga omaliza

Lachisanu mng'ono wanga anabwera kunyumba ataweruka, ali ndi diresi la Loweruka m'pepala, kuti Kadona alione. Atandipeza ndikudziwa zonse, anayamba kuseka kuti nkhani ichepe.

"Achemwali, mwana wa mkulu wanga ndi mwana wanga. Chalakwika n'chiyani? Inuyo mukanapita? Zaka ziwiri mwakhala mukundituma ine."

Ndinamuuza kuti ndinkamutuma kukamvera, osati kukabala. Iye anati ankangofuna kuti mwana asasekedwe, ndipo ngati ndili ndi nzeru ndisiye Loweruka lidutse, zinazo tidzakonza m'banja. Anati dikishonale ndi ulendo wa ku mpikisano si zinthu zotaya chifukwa cha mtima wapachala.

Kadona anali chikhalire pamphasa, mapepala awiri aakulu ali patsogolo pake. Limodzi linali lokongola, la mitundumitundu, limene anakhala akulikonza milungu itatu. Linalo linali la pensulo, lolembedwa usiku umodzi.

Ine nkhani zozungulira sindizitha. Ndinamuuza Kadona chonchi:

"Mawa masaka ndikatula ku sukulu kwanu, chifukwa ndinalonjeza kasitomala, ndipo ine lonjezo la malonda sindiphwanya. Sindikuitana pawindo. Sindikupatsa moni. Ukandidutsa sindikutsata. Madamu ako ndawauza kale kuti ndiwe mwana wa mnzanga, ndiye usaope kuti ndikuulula. Dikishonaleyo ukaifuna, itenge. Koma kuyambira lero makalata anga azindiwerengera Ansembe."

Pa zonse zimene ndinanena, chomalizachi ndicho chinamugwetsa nkhope.

6. Loweruka

Ndinafika ku sukulu mtolo uli pamutu. Mlonda anandilozera kuseri kwa holo, kumene kunali zidebe ndi makasu. Madamu anali m'kati, ndipo sindikanachoka asanawerenge katundu wawo. Ndinatula mtolo pakhomo la kumbuyo, n'kukhala pamwamba pake.

Holo inali yodzaza. Kutsogolo kunali mipando ya makolo a ana opikisana. Mng'ono wanga anali pampando wachitatu, tsitsi lake likuwala.

Anayamba mnyamata wina, mwana wa kalipentala. Kenako mtsikana, mwana wa namwino. Ankalankhula Chingerezi, anthu n'kumaomba m'manja. Ine ndinkangowerenga malata a denga.

Atamuitana Kadona, anakwera ndi pepala lokongola lija. Analipachika pabolodi. Anapereka moni, mawu ake ali bwinobwino. Analoza mzere woyamba, n'kunena zimene ananena. Ndinamva "sekilitale" kawiri. Mng'ono wanga ankagwedeza mutu.

Ndinaimirira kuti ndikadikire panja. Saka limodzi linatsetsereka pamtolo, ndipo powerama kuti ndilitole ndinagunda chidebe. Chinalira holo yonse. Mitu inatembenuka. Atsikana ena a kumbuyo anayamba kuseka, mmodzi n'kunena kuti amayi a masakawa asochera.

Kadona anasiya kulankhula.

Ahedi anatsokomola. Madamu anamunong'oneza kuti apitirize. Iye anatembenuka, n'kuchotsa pepala lija pabolodi, n'kulipinda. Anatsika masitepe. Anadutsa mayi ake aang'ono, n'kuyenda pakati pa mipando mpaka kumbuyo kumene ndinali.

"Amayi, ndibwerekeni saka limodzi."

"Ndi ogulidwa kale," ndinatero.

"Ndibweza."

Analitenga, n'kundigwira dzanja. Ndinakana, koma anakoka. Tinayenda tonse mpaka kutsogolo, ine fumbi la ufa lili m'tsitsi, patapata akulira pasimenti. Mtunda umenewo ndi waufupi, koma sindinayendepo wautali choncho.

Analankhula m'chilankhulo chathu, chimene pa sukulupo salola pa nsanja.

"Ahedi, aphunzitsi ndi makolo, ndinanama. Amene akhala apowo ndi mayi anga aang'ono. Amayi anga ondibala ndi awa. Amagulitsa masaka kumsika. Kalata yowaitana ndinawawerengera zabodza chifukwa sadziwa Chingerezi. Liwu la ntchito yawo ndi ili."

Munali phokoso. Ena ankaseka, ena ankafunsana. Ahedi anakweza dzanja, n'kunena kuti mwanayo amalize.

Anatulutsa pepala la pensulo m'thumba, n'kubwerera ku Chingerezi. Koma ulendo uno ndinkamva, chifukwa njirayo ndinali nditaidutsa kale pabenchi la Ansembe. Ndinamva Aroma. Ndinamva Agiriki. Ndinamva liwu lalifupi lija la anthu a kum'mawa. Pa dzina lililonse ankapinda saka lija pang'ono, mpaka analitembenuza lonse, misoko ili poyera. Kenako anandipatsa, n'kundipempha kuti ndiwauze anthu kumene ladutsa.

Ntchito ndi ntchito. Ndinapisa chala m'kona, n'kununkhiza. Ndinati linayamba ndi shuga ku fakitale, linapita ku chigayo cha kumtunda, ndipo womaliza anali wogulitsa mtedza, wamanzere, wosoka moipa.

Bambo wina pakati pa makolo anaseka mokweza, n'kunena kuti wamanzereyo ndi mlamu wake. Holo yonse inaseka, koma kuseka kwake kunali kwina.

Madamu sankaseka. Anayandikira, magalasi ali m'manja, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati uyu ndi mwana wa mnzanga uja.

Ndikanakonda simenti ikanang'ambika.

"Ndi wanga, Madamu. Nanenso ndinakunamizani."

7. Envelopu

Dikishonale inapita kwa mwana wa kalipentala. Ahedi anaimirira n'kufotokoza chifukwa chake pamaso pa onse. Anati zimene Kadona anafotokoza zinali zabwino kuposa zonse, koma liwu limene analembetsa linali lina, ndipo analembetsa ndi bodza.

"Ana inu mumve," anatero. "Kuulula n'kwabwino, ndipo mtsikanayu wachita chinthu chimene akuluakulu ambiri muno sitingachithe. Koma kuulula sikufafaniza zimene zachitika. Mnzake amene ananena zoona kuyambira tsiku loyamba sangalandidwe mphatso chifukwa wina walapa pa nsanja. Ndipo inu amene mumaseka ntchito za makolo a anzanu, dziwani kuti bodza la lero mwalisoka nawo. Makolonso, mipando iyi timaikira inu. Mukamatuma ena chaka ndi chaka, musadabwe mwana akakusowani."

Mawu omalizawo sananditchule, koma anandipeza.

Mng'ono wanga anali atatuluka kale, osatsanzika. Pampando pake panatsala kapepala ka pulogalamu. Atsikana awiri amene Kadona amayenda nawo anadutsa pafupi nafe ngati sakumudziwa. Iye anawaona.

Madamu anawerenga masaka awo, n'kupeza makumi awiri, kuphatikizapo lobwerekedwa lija. Kenako anandipatsa envelopu yomata, yochokera kwa ahedi. Anati ndikawerenge kunyumba, modekha.

Tinabwerera wapansi. Kadona ananyamula chingwe chomangira mtolo ndi nkhata yanga, poyera, yunifolomu ili m'thupi. Pokwerera basi anapatuka, n'kukasuzumira kuseri kwa mpanda. Tsache linali litapita. Ndinamuuza kuti limenelo adzalibweza ndi thukuta, Loweruka lililonse pabenchi mpaka mwezi uthe. Anavomera msanga, mpaka ndinadandaula kuti sindinanene miyezi iwiri.

Chapafupi ndi msika ndinati, "Za pawindo zija. Ku pulayimale."

"Ee, Amayi."

"Sindinachite bwino."

Sindinawonjezere, ndipo iye sanandikakamize.

Ansembe anationa tikubwera. Benchi lawo linali litapendekeka, atalichirikiza ndi njerwa. Ataona envelopu m'manja mwanga anapukuta zala pa epuloni, n'kutambasula dzanja kuti andiwerengere ngati Lachinayi. Ndinakumbukira zimene ndinanena Lachisanu.

Ndinaima. Ndinayang'ana dzanja lawo, n'kuyang'ana mwana wanga. Iye anali atazolika.

"Pepani Ansembe," ndinatero. "Wowerenga ndili naye."

Ndinamupatsa Kadona envelopu ija pomwepo, pakati pa msika. Anaing'amba mosamala, n'kutambasula pepala. Maso ake anayenda mzere woyamba, wachiwiri, n'kubwereranso pamwamba. Kenako anakoka mpando wa makasitomala a Ansembe, n'kuuika kumbuyo kwanga.

"Amayi, khalani pansi kaye. Ndiwerenga liwu lililonse mmene lilili, sindidumpha ngakhale limodzi. Koma mundilonjeze kuti simupita kwa ahedi musanamve mpaka kumapeto."